Maloboti, Masamu ndi Mwana wa ku Chia

Zotsatira za MSCE zikatuluka, ana amene akhoza bwino kuno ku Chia amakumana ndi ntchito ina yomwe sukulu sidawakonzekeretse: kusankha maphunziro pa fomu ya bungwe la NCHE, lomwe limayendetsa ntchito yosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma. Kale mayankho ankadziwika funso lisanafunsidwe. Wanzeru kwambiri ankalemba udokotala, wapakamwa ankalemba zamalamulo, ndipo otsalawo ankadziwa kuti uphunzitsi sukana munthu. Masiku ano pali ana ena, ochepa koma alipo, amene ukawafunsa amati akufuna kupanga maloboti. Ena amalunjika kuposa pamenepo: safuna kuwotcherera zitsulo ayi, akufuna kulemba mapulogalamu ouza loboti chochita. Adaziona pa foni, galu wachitsulo akukwera masitepe, mkono wachitsulo ukumanga zitseko za galimoto m'fakitale. Ena adangoona drone ikujambula ukwati ku boma, maso adakhala kumwamba mpaka mkwati kulowa m'holo.

Ana amenewa ine sindiwaseka. Chovuta n'chakuti akatsegula mndandanda wa makosi, chomwe akuchifunacho amachipeza chitagawikana m'maina ena. Ku UNIMA, ku Zomba, kuli Computer Science. Ku MUBAS, yomwe ambiri timaitchabe kuti Poly, kuli Electronics and Computer Engineering, Electrical and Electronics Engineering ndi Mechanical Engineering. Ku MUST, ku Thyolo, kuli Computer Systems and Security, Manufacturing Engineering ndi Biomedical Engineering. Ku Mzuni kuli ICT. Kosi iliyonse imakhudza loboti penapake, koma palibe imene imaigwira yonse. Ndipo womulangiza mwanayo ndi mphunzitsi wake wa ku CDSS, munthu wabwino ndi wakhama, amene mwina sadapondepo m'labotale ya mainjiniya.

Tisanakangane za dzina la kosi, ndi bwino tione kaye kuti wolemba pulogalamu ya loboti amalemba chiyani kwenikweni.

Aliyense amene adakwerapo boti la injini kutuluka pa mlomo wa Chia kulowa m'nyanja yaikulu mwezi wa June kapena July, mwera utadzuka, adaonapo ntchitoyi ikuchitika ndi dzanja la munthu. Woyendetsa amasankha chizindikiro kutsogolo, phiri kapena mtengo wautali wa pagombe, ndipo dzanja lake silipuma pa mpini wa injini. Boti likapatuka pang'ono amakhotetsa pang'ono, likapatuka kwambiri amakhotetsa kwambiri. Zimenezo ngakhale mwana angazichite. Koma katswiri amachitanso zina ziwiri. Akaona kuti mphepo yakhala ikumukankhira mbali imodzi kwa nthawi yaitali, ndipo ngakhale akukonza sakubwerera ndithu pamzere, amapendeketsa mpini mowonjezera n'kuusiya choncho. Ndiponso akaona mutu wa boti ukubwerera mothamanga, amayamba kubweza dzanja usanafike pomwe akuufuna, apo ayi upitirira, ndipo ulendo wonse ukhala wa njokanjoka, mafuta akungotha. Iye amayang'ana cholakwika chomwe chilipo tsopano, amakumbukira cholakwika chomwe chakhala chikuwunjikana, ndipo amaona liwiro lomwe cholakwikacho chikusinthira.

Mu 1922, injiniya wina wobadwira ku Russia amene ankagwira ntchito ku America, Nicolas Minorsky, atayang'anitsitsa oyendetsa sitima zapamadzi, adalemba zinthu zitatu zomwezi m'masamu. Njira yakeyo idayesedwa pa sitima yankhondo yotchedwa USS New Mexico. Lero mainjiniya amaitcha PID, ndipo ili paliponse: m'makina osunga kutentha kwa mwana wobadwa masiku asanakwane, m'maboila a fakitale, m'mkono wa loboti. Drone ija ya pa ukwati ikaima chilili m'mwamba mphepo ikuwomba, ndiye kuti kachipangizo kakang'ono m'kati mwake kakuwerengera masamu amenewa mazanamazana pa sekondi imodzi, n'kumauza mota iliyonse mwa zinayi zake kuti ionjezere kapena ichepetse.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Kuwerengera cholakwika chowunjikana ndi integration, ndipo kuwerengera liwiro la kusintha kwake ndi differentiation. Zonsezi ndi calculus, masamu amene mwana wa sekondale kuno amangowalawa ngati adatenga Additional Mathematics, phunziro lomwe sukulu zambiri za kumudzi sizikhala nalo n'komwe. Ndipo amenewa ndi masamu oyambira chabe. Zipangizo zomwe loboti imamvera dziko zimanama. GPS imatha kukuuza kuti uli pa mlatho wa Chia pomwe uli m'madzi mamita angapo pambali pake. Kachipangizo koyeza kupendekeka kamanena zoona kwa kanthawi, kenaka kamayamba kusochera pang'onopang'ono. Loboti imayenera kumva kwa mboni ziwiri kapena zitatu zosadalirika, n'kupeza choonadi pakati pawo. Njira yotchuka yochitira zimenezi adaifalitsa Rudolf Kálmán mu 1960, ndipo idathandiza kuwongolera zombo za Apollo zopita ku mwezi. Kuti munthu ayimvetse, osati kungoikopera pa intaneti, afunika matrices ndi probability.

N'chifukwa chake kulemba pulogalamu ya loboti kumasiyana ndi kulemba ya sitolo kapena ya banki. Pulogalamu yowerengera katundu ikachedwa sekondi imodzi, wogula amangodikira. Ya drone ikachedwa kagawo kakang'ono ka sekondi, drone ili pansi. Yankho lolondola lobwera mochedwa limakhala lolakwika basi. Wolemba wake amayenera kudziwa kuti mota siimvera nthawi yomweyo, batire likatsika mphamvu zonse zimasintha, waya wina umatola phokoso la waya unzake, chitsulo chimatambasuka chikatentha. Zilankhulo za kompyuta zomwe amagwiritsa ntchito n'zodziwika: C ndi C++ pa tizipangizo tating'ono, Python pamwamba pake, ndiponso ROS, gulu la mapulogalamu aulere lomwe lidayamba mu 2007 ndipo ambiri opanga maloboti amamangirapo ntchito yawo. Koma zilankhulozi ndi mbali yosavuta ya ntchitoyi.

Maganizo anga ndi akuti yunivesite munthu aipitire chomwe sangachipeze kunyumba. Python mwana wakhama angathe kuiyamba ali kuno konkuno, ndi foni, bandulo ndi kope lolembamo. Mabuku ake ndi aulere, ndipo ophunzitsa pa YouTube ndi osawerengeka. Koma calculus yovuta, maphunziro a kawongoleredwe ka makina, kamvedwe ka magetsi oyenda m'tinjira ta pa bolodi, zimenezi ndi ochepa anthu amene amaziphunzira okha mpaka kuzidziwa. Zimafuna mphunzitsi wokukakamiza, mayeso okuwopseza, anzako okangana nawo usiku, ndi labotale momwe muli oscilloscope yokuonetsa ndi maso kuti chomwe umaganiza kuti waya wako ukunena si chomwe ukunena. Choncho mwana wofuna kulamula makina oyenda akandifunsa, ndimamuuza kuti pamwamba pa fomu alembe kosi yophatikiza electronics ndi kompyuta. Injiniya wa zamagetsi amene waphunzira kulemba mapulogalamu bwino amapezeka kawirikawiri. Wolemba mapulogalamu amene wadziphunzitsa yekha magetsi ndi masamu a kawongoleredwe amasowa.

Anzanga a Computer Science sangagwirizane nane, ndipo mfundo zawo si zopepuka. Amati maloboti a masiku ano akupita kumbali ya nzeru zopangira makina: kuona ndi kamera, kuzindikira zinthu, kusankha njira, ndipo zimenezi ndi zawo. N'zoona, ndipo MUST yomwe idatsegula likulu la zimenezi, lotchedwa CAIST, mu 2023. Amatinso digiri yawo ndi ya zaka zinayi pomwe ya uinjiniya ndi ya zisanu, ndipo kwa banja lomwe fizi imachokera m'matumba a mpunga ndi m'malichero a usipa, chaka chimodzi si nkhani yaing'ono. Amawonjeza kuti wolemba mapulogalamu angathe kugwirira ntchito kampani ya kunja ali ku Lilongwe, pomwe injiniya amafunika kukhala pomwe pali makina. Zonsezi ndimazivomera. Chomwe ndimangopempha mwana wosankha njira imeneyi n'chakuti asathawe masamu ndi fizikisi akafika kumeneko. Ku Zomba madipatimenti a masamu ndi fizikisi ali pafupi, ndipo amene angadutse zaka zinayi osalowako wadzimana yekha. Za Mechanical Engineering sindinena zambiri. Ndi yabwino kwa amene mtima wake uli pa thupi la makina, magiya ndi mfundo zake, koma wofuna kulemba mapulogalamu adzayenera kuwonjezera zambiri payekha.

Pali makosi ena amene dzina lake limakopa chifukwa muli mawu oti Information Technology kapena Information Systems. Ndi makosi abwino, ndipo owamaliza amalembedwa ntchito m'mabanki, ku TNM, ku Airtel ndi m'maofesi a boma. Koma cholinga chake n'china: kusamala ma network, kusunga ndi kuyendetsa uthenga wa bungwe. Mwana wolota maloboti akalowa kumeneko chifukwa choti "ndi zamakompyuta zomwezo", amadzazindikira m'chaka chachitatu kuti masamu omwe amawafuna adatsala kwina.

Ndipo asadandaule kuti pa satifiketi yake sipadzalembedwa mawu oti loboti. Loboti yoyamba kugwira ntchito m'fakitale, Unimate, idayamba mu 1961 pa fakitale ya General Motors ku New Jersey. Mmodzi mwa anthu awiri amene adaibweretsa, Joseph Engelberger, adaphunzira fizikisi kenaka uinjiniya wa zamagetsi. Digiri yoyamba ya Robotics Engineering ya ophunzira ongochoka ku sekondale ku America idadzayamba mu 2007, pa Worcester Polytechnic Institute. Zaka 46 zapakatipo maloboti ankapangidwa ndi anthu a madigiri a maina ena, ndipo mpaka pano ambiri ndi otero. Kwathu konkuno, William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene dziko lonse limamudziwa chifukwa cha makina ake opanga magetsi ndi mphepo, digiri yomwe adatenga ku Dartmouth College mu 2014 ndi ya zachilengedwe.

Chomwe chimandivutitsa maganizo kwambiri si fomu ya NCHE. Pofika tsiku lodzaza fomu, kusankha kwenikweni kumakhala kutachitika kale, zaka ziwiri m'mbuyomo, pamene mwana ankalowa Fomu 3. Apo ndi pamene ena amasiya Physics kapena Chemistry chifukwa anzawo awauza kuti zimawononga mapointi, kapena chifukwa sukulu ilibe mphunzitsi wake. Mwanayo amachita zanzeru ndithu malinga ndi zomwe akudziwa: MSCE imawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi omwe wakhoza bwino, ndiye bwanji osasankha osavuta? Palibe amene amamuuza kuti makosi a uinjiniya safunsa mapointi okha, amafunsanso magiredi amphamvu m'masamu ndi m'masayansi. Amatuluka ndi mapointi okongola amene sangamulowetse komwe amafuna. Kwa atsikana vutoli limabwera msanga kuposa apo, chifukwa mawu akuti "masamu ndi a anyamata" amanenedwabe, nthawi zina ndi anthu owafunira zabwino, ndipo madzulo omwe mchimwene wake akuwerenga iye ali ku mjigo kapena akuyanika nsomba. Ngati pali malangizo oyenera kuperekedwa ku Chia pa nkhani ya maloboti, oyenera kuwamva ndi ana a Fomu 2.

Nanga amene sadasankhidwe? Malo ku mayunivesite a boma ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna kulowa, ndipo makosi a uinjiniya ndi ena mwa olimbiranidwa kwambiri. Pansi pathu pomwepa, ku Senga Bay, kuli Salima Technical College, ndipo kulinso makoleji ena a ntchito zamanja pansi pa TEVETA. Anthu amawaona ngati kothawira olephera, koma ine ndimaona mosiyana. Makina ambiri odziyendetsa okha amene akugwira ntchito m'Malawi muno lero alibe mikono kapena maso. Ndi timabokosi totchedwa PLC, tokhomedwa m'makabati a magetsi m'mafakitale, tomwe timatsegula mavavu, kuyatsa mapampu ndi kuimitsa malamba chinthu chikalakwika. Amene amatidziwa bwino timabokosi timeneti nthawi zambiri adayamba ndi zamagetsi ku koleji ya ntchito zamanja. Ndipo mayunivesite ali ndi njira yolandirira anthu amene ali kale ndi dipuloma ndiponso agwirako ntchito. Ndi ulendo wautali, koma wofika m'kalasi ya masamu a kawongoleredwe atagwirapo kale mota yopsa amamva zomwe anzake akungolemba.

Tsopano funso la makolo, lomwe ndi funso lachilungamo. Bambo wina amene wakhala akupalasa bwato pa Chia moyo wake wonse akafunsa mwana wake kuti, "Iwe, zidole zakozo ntchito yake ukaipeza kuti?" sakunyoza. Akufunsa chomwe mlangizi aliyense woona mtima ayenera kuyankha. Ndipo yankho loona n'lakuti Malawi si dziko la mafakitale a galimoto, ndipo ntchito yolembedwa kuti wolemba mapulogalamu a maloboti siituluka m'nyuzipepala mwezi ndi mwezi. Ntchito zilipo, koma zimabisala m'maina ena.

Zina zili m'boma lathu lomwe lino ndi m'chigawo chathu chino. Ku Dwangwa kuli fakitale ya shuga ndi ina ya ethanol, ndipo fakitale yotere siyenda popanda anthu oyang'anira zipangizo zoyeza kutentha, mphamvu ya nthunzi ndi kayendedwe ka madzi a nzimbe. PID ya Minorsky ija ili mmenemo usana ndi usiku nyengo yogaya. Kuli minda ya magetsi a dzuwa, wa ku Salima, wa ku Golomoti womwe uli ndi mabatire akuluakulu olamulidwa ndi kompyuta, ndi wina kuno ku Nkhotakota. M'nkhalango yathu ya nyama, yomwe African Parks idayamba kuyang'anira mu 2015 ndipo idalandira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, njovu zina zimavala makolala otumiza uthenga wa komwe zili. Zonsezi zimafuna munthu womvetsa chipangizo ndi pulogalamu pamodzi.

Pa nkhani ya ma drone, Malawi adafika msanga kuposa maiko ambiri, chinthu chomwe ana athu ambiri sadziwa. Mu March 2016, ku Lilongwe kudayesedwa kunyamula pa drone magazi a makanda okayezedwa HIV. Mu June 2017 boma ndi UNICEF adatsegula ku Kasungu malo oyeserako ma drone a ntchito zachifundo, otambalala makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege. Chaka chomwecho ophunzira a ku Malawi, mothandizidwa ndi aphunzitsi a ku Virginia Tech, adamanga ndi manja awo kandege kotchedwa EcoSoar ndi zipangizo zotsika mtengo, ndipo kadauluka kokha makilomita 19 mpaka pa bwalo la Kasungu. Mu January 2020 kudatsegulidwa African Drone and Data Academy, sukulu yophunzitsa achinyamata a mu Africa kumanga ndi kuulutsa ma drone komanso kuwerenga zomwe ajambula, yomwe imagwira ntchito limodzi ndi MUST. Makampani monga Wingcopter ndi Swoop Aero adanyamulapo mankhwala kupita ku zipatala zovuta kufikako. Kumbali ya zachipatala kuli Pumani, makina othandiza makanda kupuma, omwe adapangidwa mogwirizana pakati pa Rice University ya ku America ndi madokotala a ku Queen Elizabeth Central Hospital. Oyambirira ake ankapopa mpweya ndi timapampu ta m'magalasi owetera nsomba. Si loboti, koma ndi mtundu wa uinjiniya womwe dziko lino lili nawo ludzu, ndipo mgwirizano womwewo udabala malo opangirako zinthu ku Poly komwe ophunzira amayeserera nzeru zawo.

Komabe ndisabise mbali inayo. Zambiri mwa ntchito zimenezi zimayenda ndi ndalama za mabungwe a kunja, ndipo pulojekiti ikatha, ntchito imathanso. Ubongo wa ma drone ambiri amene auluka m'mlengalenga mwathu udalembedwa ku Germany kapena ku Australia, ife tikumapatsidwa mbali yowulutsa ndi yokonza. Kuwulutsa drone ndi luso, koma amaliphunzira m'masabata. Kulemba chomwe chimaiwulutsa ndi zaka, ndipo mwana asasokoneze ziwirizi posankha kosi. Zipangizo nazo n'zoitanitsa. Ka Arduino, kabolodi kophunzirira komwe kadayambira ku Italy mu 2005, kunja n'kotchipa, koma kakadutsa m'mavuto a ndalama zakunja, mtengo wonyamulira ndi msonkho, kamafika kuno katalemera. Ndipo ena mwa ana abwino kwambiri adzachoka. Adzapita ku Rwanda, komwe Carnegie Mellon University ili ndi nthambi yake kuyambira 2011 ndipo ma drone a Zipline akhala akunyamula magazi kuyambira 2016, kapena ku Johannesburg, kapena kutali kuposa apo. Sindingawaletse, ndipo sindiona chifukwa chowachititsa manyazi. Ichi ndi chifukwa chinanso chosankhira digiri yotakata. Wa Electronics and Computer Engineering loboti ikamukana, ESCOM, EGENCO, makampani a mafoni ndi zipatala zimamudziwa. Kwa bambo uja, ili ndi yankho lomwe angalimve.

Pali chinthu chimodzi chomwe mwana wa ku Chia ali nacho, chomwe mnzake wokulira ku Area 47 alibe, ndipo sindikunena pofuna kumutonthoza. Amadziwa mavuto enieni mwatsatanetsatane. Amadziwa kuti thamanda lathu la Chiali, lomwe ndi lalikulu kuposa ena onse otere m'Malawi, likukwiririka ndi dothi lobwera ndi mitsinje monga Lifuliza ndi Likoa kuchokera kumtunda komwe mitengo idatha. Amadziwa momwe namasupuni amatsekera njira za mabwato, ndi mwezi womwe amachuluka. Amadziwa kuti makomiti a m'madoko amayesetsa kuteteza malo oswanirana nsomba, koma alibe maso usiku. Adaona madzi osefukira a 2024 atasamutsa anthu ku Dwangwa, ndi nyanja itakwera chaka chomwecho mpaka kulowa m'nyumba za m'mbali mwake. Kabwato kakang'ono kodziyendetsa kokha, koyenda mizeremizere kakuyeza kuya kwa madzi ndi matope ake, ndi pulojekiti yokwanira ya chaka chomaliza, ndipo m'kati mwake muli zonse: GPS yonama ija, mphepo yokankha, batire lotha, udzu wokola pa chopalasira. Chipangizo choyeza kukwera kwa mtsinje n'kutumiza uthenga pa foni ya mfumu madzi asanafike m'mudzi n'chosavuta kuposa apo, ndipo phindu lake n'loonekeratu. Wochita zotere angapindule kucheza ndi anzake a zausodzi ku LUANAR kapena ku Mzuni, chifukwa iwo ndi amene amadziwa choyenera kuyezedwa.

Pano ndiyenera kudziletsa, chifukwa nkhani zotere zimakoma pakamwa. Si vuto lililonse la ku Chia lomwe likudikira makina. Dothi likukwirira thamanda chifukwa cha nkhwangwa ndi njala, ndipo kuliyeza molondola sikubzala mtengo ngakhale umodzi. Kunja maloboti adafalikira chifukwa antchito ndi ochepa ndiponso odula. Kuno anthu ofuna ntchito ndi ambiri. Makina owokera kapena omweta mpunga okha atabwera m'madambo athu, oyamba kuwamva kuwawa ndi amayi amene amadalira ganyu wa nyengo imeneyo. Ndiye ntchito zoyenera makina kwathu kuno ndi zimene munthu sangazichite, kapena zomuika pa ngozi: kufika pachipatala msewu utaduka, kuyang'anira mtsinje usiku wonse, kuyeza pansi pa madzi pomwe pali ng'ona ndi mvuu. Ndipo chilichonse chopangidwa chiyenera kukhala chotheka kukonzedwa ndi mmisiri wa mafoni wa pa Benga kapena wa ku boma, apo ayi chidzagwira ntchito mpaka tsiku lomwe wochipanga adzakwere basi. M'maofesi ndi m'zipatala zathu mwadzaza kale makina abwino amene adafa chifukwa cha kachipangizo kamodzi kosowa. Maphunziro a uinjiniya saphunzitsa kwenikweni kuganizira zimenezi. Wokulira kuno amafika nazo kale, ngati sazitaya pofuna kufanana ndi anzake.

Za ndalama ndingonena mwachidule. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite lilipo, ndipo mwana wa m'banja losowa apemphe msanga. Koma makosi onsewa amafuna laputopu, ndipo banja liyambe kuiganizira tsiku lomwe dzina latuluka, osati sabata yotsegulira. Siifunika kukhala yatsopano. Yogwiritsidwapo kale ntchito, yoikidwa Linux, imakwanira zaka zoyambirira, ndipo Linux yomweyo ndi imene ROS imayendapo bwino.

Mwana asanalembe dzina la kosi pa fomu, apeze mndandanda wa maphunziro ake a chaka ndi chaka, omwe mayunivesite amasindikiza, ndipo awerenge kuti masamu akupitirira mpaka chaka chiti. Afufuze ngati muli control systems, embedded systems kapena microprocessors, ndi signals. Zikasowa zonsezi, kosiyo ndi ya ntchito ina, kaya dzina lake likhale lokoma bwanji. Kenaka apeze wophunzira wa chaka chachitatu kapena chachinayi, ndipo masiku ano sizivuta, pa WhatsApp pali gulu la ana a ku Nkhotakota pafupifupi pa koleji iliyonse. Amufunse mwaulemu kuti, "Achimwene, m'labotale mumalowamo kangati pa sabata, ndipo chipangizo chimodzi mumagwira anthu angati?" Amufunsenso kuti omaliza chaka chathachi adapanga chiyani pa mapulojekiti awo, ndi angati mwa mapulojekitiwo adayenda pamaso pa anthu, ndipo eni ake ali kuti tsopano.